Murata, Ōfuji kapena Masaoka: Muyambire Pati Kuonera Makatuni Akale a ku Japan?

Makatuni a ku Japan anayamba mu 1917, koma ambiri mwa oyambirirawo anapsa pa chivomerezi chachikulu cha ku Kantō, dera la mzinda wa Tokyo, mu 1923, kuphatikizapo makatuni a Kitayama Seitarō, mmodzi wa amene anayambitsa lusoli. Amene tingaonere lero ndi ambiri ochokera kumapeto kwa zaka za m'ma 1920 kupita mtsogolo, ndipo pamenepa mayina atatu ndiwo amalimbirana: Murata Yasuji, Ōfuji Noburō ndi Masaoka Kenzō.

Ine ndikuti yambani ndi Murata. Ankadula zithunzi papepala n'kumazisuntha pang'onopang'ono pansi pa kamera, koma ukaonera sungakhulupirire kuti ndi mapepala. Kobutori ya 1929 ndi nthano ya agogo awiri okhala ndi zotupa pamasaya. Mmodzi akumana ndi a tengu, mizimu ya m'mapiri, n'kuwavinira mpaka iwo kumuchotsa chotupacho ngati chikole kuti adzabwerenso. Mnzake wanjiru apitako, avina zosakoma, abwerera kwawo ndi zotupa ziwiri. Filimuyi ilibe mawu, popeza nthawi imeneyo m'nyumba zoonetsera kanema munkakhala munthu wotchedwa benshi wofotokozera anthu nkhani, komabe mwana wa zaka zisanu angaitsatire bwinobwino. Luso la Murata lili pamenepo: nkhope, mayendedwe ndi nthawi yoseketsa zimagwa pamalo pake. Mu 1927 anapanganso nthano ya pusi ndi nkhanu, ndipo mu 1928, chaka cha masewera a Olimpiki a ku Amsterdam, anatulutsa katuni ya nyama zikupikisana pa masewera.

Ōfuji ndi wa maso, osati wa nkhani. Ankadula anthu ndi nyama zake pa chiyogami, pepala lachijapani lokhala ndi timaluwa ndi timizere tosindikiza, ndiye chovala chilichonse pa kanemayo chimakhala ngati chitenje. Kuro Nyago ya 1929, ya kamphaka kakuda kovina, inapangidwa kuti iziyendera limodzi ndi mbale ya galamafoni. Nkhani zake zimakhala zopyapyala, ndipo ena amatopa nazo pakati. Koma mukafika pa Kujira ya 1952, ya chinsomba chachikulu, yopangidwa ndi zithunzi za mthunzi ndi mapulasitiki amitundu owonekera mkati, yomwe inaonetsedwa pa chikondwerero cha makanema cha ku Cannes, ku France, mu 1953, mumvetsa chifukwa chake mphoto ya makatuni imene imaperekedwa ku Japan kuyambira 1962 inatenga dzina lake.

Masaoka anabweretsa zimene anzakewo analibe: mawu olankhula mu 1933, ndi kujambula pa timapepala ta selulo toonekera mkati, zomwe zinali zodula kwambiri nthawiyo. Chagama Ondo yake ndi ya a tanuki, tinyama tofanana ndi tiagalu tam'tchire timene m'nthano zachijapani timasanduka zinthu. Yotchuka kwambiri ndi Kumo to Chūrippu ya 1943, pamene kachilombo kamawangamawanga kathawa kangaude n'kubisala m'duwa, mvula yamkuntho n'kuyamba. Mvula imeneyo mpaka pano ndi yokongola. Chenjezo lokha: kangaudeyo anamujambula ndi nkhope yonyoza anthu akuda, monga ankachitira m'makatuni a ku America, ndipo kwa ife zimenezi sizipita pansi bwino. Muionere nokha kaye musanaonetse ana.

Pa zopeza, malo osungirako makanema a dziko la Japan anatsegula tsamba la pa intaneti mu 2017, pokumbukira zaka 100, lokhala ndi makatuni 64 a pakati pa 1917 ndi 1941, aulere, ambiri ali ndi mawu achingelezi pansi. Murata ndi Ōfuji ali ndi ntchito zambiri pamenepo, ndipo popeza ambiri satha mphindi 15, bandulo siyikhala vuto kwenikweni. Ngati pakhomo pali ana, onjezerani Usagi to Kame ya Yamamoto Sanae ya 1924: ndi kalulu ndi kamba, ndipo adzakuuzani okha amene apambane mpikisano usanayambe.