Google Scholar poyeza ofufuza za Alzheimer's

Google Scholar ndi tsamba la pa intaneti losakirapo zolemba za kafukufuku. Ndi yaulere, ndipo imathandiza poyeza ofufuza za Alzheimer's, matenda a ubongo oiwalitsa zinthu. Lembani dzina, mwachitsanzo John Hardy amene analemba za amyloid (puloteni younjikana mu ubongo wa odwala matendawa) mu magazini ya sayansi yotchedwa Science mu 1992, muone kangati ena atchula ntchito zake. Pa tsamba la wofufuza pamaoneka h-index: ikakhala 40, ndiye kuti mapepala ake 40 a kafukufuku atchulidwa kosachepera ka 40 lililonse.

Vuto lake, imangokokolola zonse. Pepala limodzi limatha kuoneka kawiri, ndipo wofufuza akadzitchula yekha imawerengabe. Choipa kwambiri, sisiyanitsa kutchula kovomereza ndi kotsutsa. Mwachitsanzo, pepala la Aβ*56 (mtundu wina wa amyloid) la mu magazini ya Nature la 2006 linachotsedwa ndi magaziniyo mu 2024, koma manambala a kutchulidwa kwake akadali okwera. Scopus, tsamba lina lowerenga kutchulidwa kwa mapepala, imalola kuchotsa zodzitchula, ngakhale imafuna ndalama. Tsimikizaninso mapepalawo pa PubMed, tsamba losakirapo kafukufuku wa zaumoyo.