Akaunti ya pa intaneti ya Council Tax: mmene imathandizira munthu wokhala yekha ku England

Aliyense amene wayamba kukhala m'nyumba ya yekha ku England amakumana ndi Council Tax, msonkho wa nyumba umene khonsolo imatolera kuti iyendetsere ntchito monga kuchotsa zinyalala, kusamalira okalamba ndi olumala, komanso kulipira gawo la ndalama za apolisi ndi ozimitsa moto. Msonkhowu unayamba mu 1993 m'malo mwa msonkho wa pamutu umene anthu anaukana kwambiri, ndipo masiku ano makhonsolo ambiri ali ndi akaunti ya pa intaneti yoti munthu aziona bilu yake ndi kulipira. Ndakhala ndikugwiritsa ntchito akaunti ya khonsolo ya dera limene ndikukhala kuyambira pamene ndinayamba kukhala ndekha, ndipo ndaona kuti ndi yabwino ndithu polipira, koma ndi yoperewera pothandiza munthu kudziwa ngati ndalama zimene akulipirazo ndi zoyenera.

Kutsegula akauntiyi sikuvuta. Amafuna nambala imene ili pamwamba pa bilu, dzina ndi postcode (nambala ya keyala ya dera lanu), ndipo mukalowa mumapeza ndalama ya chaka chonse, zimene mwalipira kale, zimene zatsala ndi tsiku limene adzadulenso ku banki. Kukhazikitsa Direct Debit, njira yoti khonsolo izidula yokha ndalama ku banki yanu, kumatheka pomwepo, ndipo khonsolo yathu imalola kusankha tsiku pakati pa masiku angapo a m'mwezi, zimene zimathandiza kwambiri munthu amene malipiro ake salowa pa 1. Pa mbali imeneyi sindinapeze chodandaula.

Vuto limayamba mukafuna kumvetsa kumene ndalama ya pamwezi yachokera, chifukwa akauntiyi imangoonetsa zotsatira popanda masamu ake. Nyumba iliyonse ku England ili m'gulu, kuyambira Band A mpaka Band H, malinga ndi mtengo umene ikanagulitsidwa pa 1 Epulo 1991, ndipo amene amaika maguluwa ndi ofesi ya boma ya Valuation Office, osati khonsolo. Band A ndi nyumba zimene sizinkaposa £40,000 nthawi imeneyo, pamene Band H ndi zoposa £320,000. Khonsolo imakhazikitsa ndalama ya Band D, ndipo magulu ena amawerengedwa kuchokera pamenepo: Band A imalipira magawo 6 mwa 9 a ndalamayo, Band B magawo 7, Band C magawo 8, kukwera mpaka Band H imene imalipira kuwirikiza kawiri. Gulu la nyumba yanu mungathe kuliona kwaulere pa tsamba la boma la GOV.UK pongolemba postcode, ndipo tsamba limeneli ndi lomveka bwino kuposa akaunti ya khonsolo.

Tingoyerekeza kuti Band D m'dera lanu ndi £2,100 pa chaka ndipo fulati yanu ili mu Band B. Magawo 7 mwa 9 a ndalamayo ndi £1,633.33. Bilu yathunthu imawerengedwa ngati kuti m'nyumbamo muli akuluakulu awiri kapena kuposerapo, choncho munthu wamkulu wokhala yekha amachotseredwa 25 peresenti, ndipo apa patsala £1,225. Chaka cha msonkhowu chimayamba pa 1 Epulo n'kutha pa 31 Malichi, koma mwachizolowezi ndalamayo imagawidwa m'miyezi 10, kuyambira Epulo mpaka Januwale, kutanthauza £122.50 pamwezi. Mukaigawa m'miyezi 12 imatsika kufika pafupifupi £102.08.

Mfundo ziwiri zimenezi, kuchotseredwa 25 peresenti ndi kugawa m'miyezi 12, ndi zimene zimandidandaulitsa kwambiri pa ntchito ya akauntiyi, chifukwa zonse ziwiri ndi ufulu wa munthu mwalamulo koma palibe chimene chimachitika chokha. Pamene ndinkalembetsa kuti ndalowa m'nyumba, bilu yoyamba inabwera yathunthu, ndipo fomu yopemphera kuchotseredwa inali patsamba lina limene linabisika pansi pa mitu ingapo. Nditatumiza pempholo sindinalandire uthenga wosonyeza pamene lafika, mpaka tsiku limene bilu yatsopano inatulukira mu akaunti. Chabwino n'chakuti anawerenga kuyambira tsiku limene ndinalowa m'nyumba, popeza msonkhowu umawerengedwa tsiku ndi tsiku, ndipo ndalama imene ndinali nditalipira mopitirira anaichotsa pa miyezi yotsatira. Komabe munthu wobwera kumene m'dziko muno, amene sanauzidwe kuti mwayi umenewu ulipo, angathe kulipira ndalama yathunthu kwa chaka chonse osadziwa kuti akudzipweteka.

Za miyezi 12 ndi chimodzimodzi. Kuyambira mu 2013 aliyense ku England ali ndi ufulu wopempha kuti azilipira mwezi uliwonse chaka chonse, koma akaunti ya khonsolo yathu imaika miyezi 10 popanda kufunsa. Ena amakonda miyezi 10 chifukwa Febuluwale ndi Malichi amapumako, ndipo sindikuwatsutsa, koma kwa munthu amene lendi, magetsi, gasi ndi chakudya zonse zikuchokera m'thumba limodzi, kusiyana kwa £20 pamwezi si nkhani yaing'ono. Ndi bwino kupempha chaka chisanayambe, chifukwa mukapempha pakati pa chaka ndalama yotsalayo imangogawidwa m'miyezi imene yatsala kufika Malichi.

Pali chinthu china chimene akauntiyi sifotokoza bwino, chomwe chimakhudza abale athu ambiri amene anabwera pa viza ya ntchito kapena ya sukulu. Kuchotseredwa 25 peresenti n'kosiyana ndi Council Tax Reduction, thandizo limene limaperekedwa kwa anthu opeza ndalama zochepa. Thandizo lachiwirili lili m'gulu la ndalama za boma zimene munthu amene viza yake imamuletsa kulandira thandizo la boma sayenera kupempha, pamene kuchotseredwa chifukwa chokhala wekha sikuli m'gululo. Pa akaunti yathu mafomu awiriwa ali moyandikana ndipo mayina ake ndi ofanana, choncho werengani mutu wa fomu mosamala musanalembe chilichonse, ndipo ngati mukukayika funsani ku Citizens Advice, bungwe lopereka uphungu kwaulere. Dziwaninso kuti ana osakwana zaka 18 ndi ophunzira amene ali pa sukulu nthawi zonse sawerengedwa, moti mayi wokhala ndi ana ake aang'ono okha amachotseredwanso 25 peresenti.

Pa nkhani ya zikumbutso, akauntiyi imagwira ntchito yake bwino, ndipo m'pofunika kutero chifukwa malamulo ake ndi okhwima. Mukaphonya kulipira mwezi umodzi, khonsolo imatumiza kalata yokupatsani masiku 7, ndipo mukapanda kulipira mungathe kutaya mwayi wolipira pang'onopang'ono n'kufunsidwa ndalama ya chaka chonse nthawi imodzi. Kulandira makalata otere pa imelo kumathandiza kuti asasochere, makamaka m'nyumba zimene bokosi la makalata ndi la anthu ambiri. Fomu yodziwitsa khonsolo kuti munthu wina wamkulu wabwera kudzakhala nanu ndi yosavuta kuipeza, ndipo lamulo limafuna kuti muwadziwitse pasanathe masiku 21, apo ayi mungalipitsidwe chindapusa cha £70 kuwonjezera pa kubweza ndalama imene munachotseredwa.