Ndowa ya kampopi ija ya nthawi ya korona: ndowa ndi yabwino, vuto ndi kampopiko

Sukulu zitatsekedwa pa 23 Malichi 2020, kenako boma n'kulengeza pa 2 Epulo kuti korona wafika m'dziko muno, ndowa ya kampopi inamera paliponse: pagolosale, patchalitchi, pachigayo, mpaka pakhonde la nyumba. Ana anali pakhomo tsiku lonse kwa miyezi isanu ndi kuposera, ndipo ambiri anaphunzirira pamenepo kusamba m'manja asanagwire nsima popanda wowakalipira. Zotseka pakamwa zija zinaiwalika, koma ndowa ikugulitsidwabe pa Dedza boma, pa Lizulu ndi pa Ntcheu, ndipo ndi katundu woyenera kukhala nacho pakhomo. Kungoti zambiri mwa zoyamba zija lero akusungiramo nyemba, chifukwa kampopi kanatha kalekale.

Ubwino wake waukulu ndi wakuti inachotsa beseni lozungulira lija. Tonse tikulidziwa: limayambira kwa bambo madzi ali mbee, likamafika kwa mwana wotsiriza madzi atatuwa, iye n'kusambamo zonse zimene anzake asiya. Pakampopi aliyense amasamba madzi oyenda, akuda n'kugwera m'beseni pansi. Kolera atabuka mu 2022, kuyambira ku Machinga n'kufalikira dziko lonse, makomo amene ndowa yawo inali ikadali yamoyo sanayambirenso pachiyambi.

Ya malita 20 ndiyo yokwanira banja. Munthu akamatseka kampopi pamene akupaka sopo, theka la lita limamukwana, ndiye kuti ndowa imodzi ndi kusamba pafupifupi ka 40. Zikuluzikulu za malita 50 kapena 60 zisiyireni sukulu, maukwati ndi maliro. Pakhomo madzi amakhalitsamo masiku ambiri mpaka kuchita ndere.

Tsono kampopi. Kali ndi zinthu zinayi zokha: thupi lake lokhala ndi mazinga, timalabala tiwiri, ndi nati yomangira mkati mwa ndowa. Kalabala kamodzi kamakhala kunja, kena mkati, khoma la ndowa lili pakati. Pogula, pisani dzanja mkatimo mukhudze. Mukapeza kalabala kamodzi kokha, kapena nati itagona chopendekeka, ndowayo idzadontha sabata isanathe. Yang'ananinso bowo. Ena amaboola ndi mpeni wotenthetsa pamoto, bowo n'kutuluka lokhotakhota ndiponso lotupa m'mphepete, moti labala sangagone bwino ngakhale mumange chotani. Bowo labwino ndi lozungulira, losalala, longokwana mazinga, ndipo likhale zala ziwiri kapena zitatu kuchokera pansi pa ndowa. Likatsika kwambiri, kampopi kamagunda pansi mukaika ndowa padothi, komanso kamakoka matope okhazikika pansi. Wogulitsa wodzidalira sakana kuthiramo madzi kuti muone nokha. Akayamba zifukwa, pitani pa benchi ina.

Timipopi tofala ndi tamitundu iwiri. Kokankha ndi chala kali ndi sipuling'i mkati, kamafuna dzanja limodzi likhale pomwepo, ndiye simungapukuse manja onse awiri madzi akuyenda. N'kabwino pa madzi akumwa, osati posamba. Kopotokola pang'ono, kachogwirira chachitali, ndiko koyenera: mumatsegula, kusamba, n'kutseka ndi kuseri kwa dzanja kapena chigongono. Chogwiriracho chimagwidwa ndi manja akuda nthawi zonse, choncho chipakeniko thovu posamba.

Kudontha kukayamba, anthu ambiri amathamangira pulayala n'kumanga nati mwamphamvu. Apa ndi pamene ndowa zambiri zimafera. Nati ya pulasitiki imafuna dzanja basi. Mukaikakamiza, mazinga amadyeka kapena labala amafinyika n'kutulukira m'mbali. Chochita n'chakuti khuthulani madzi, masulani, dulani timalabala tiwiri tatsopano pachubu chakale cha njinga, bowo lapakati likhale lothina pang'ono, mubwezere n'kumanga ndi dzanja. Ngati madzi akutulukira kukamwa kwa kampopi katatsekedwa, ndiye kuti katha mkati, gulani kena kuhadiweya, ndipo tengani kakaleko kuti mufanizire kukula kwa mazinga.

Mdani wachiwiri ndi dzuwa. Pulasitiki akakhala padzuwa miyezi, amayamba kutuwa, kenako amauma ngati chikho. M'mawa wa Juni kapena Julayi, kuzizira kwa ku Dedza ndi ku Tsangano kuli pachimake, pulasitiki wotere sachedwa kung'aluka mwana akangokankha kampopi mwamphamvu, ndipo mng'alu umayambira pabowo pomwepo. Ikani ndowa pamthunzi, yovundikira. Chivundikiro chimatsekera fumbi ndi udzudzu, komanso chimaletsa ana kuvuwula ndi kapu. Ndowa yoonekera mkati imathandiza kudziwa kuti madzi atsala pati, koma ndere zimameramo msanga kuposa yamtundu wakuda.

Musanyozere choikapo. Malita 20 ndi makilogalamu 20, ndipo kampando kogwedera kagwetsa ndowa zambiri kuposa dzuwa. Chikhale thandala la mitengo inayi yozikika, kapena njerwa zosanja bwino, lofika m'chiuno mwa munthu wamkulu, kampopi katatulukira kunja kwa thandalalo. Musanyamule ndowa yodzaza mutagwira kampopi, ndipo ndi bwino kudzaza ndi ndowa ina osaisuntha pamalo pake.

Sopo wa pambali amatha ndi mbuzi, makoswe ndi ana. Mubooleni pakati mum'mangirire chingwe, kapena sungunulani magalamu 30 a sopo waufa m'botolo la lita imodzi ndi theka, muboole kachitsekero, muzifinyira m'manja. Kupukusa manja kukhale masekondi 20, mpaka pakati pa zala ndi m'zikhadabo. Madzi a m'beseni thirirani nthochi kapena maluwa, osati masamba odya osaphika.

Ena lero anaisandutsa ya madzi akumwa, ndipo pamenepo imaposa mtsuko chifukwa palibe amene amapisamo kapu. Koma ikhale ndowa yakeyake, osati yomwe ija yosambira m'manja. Thirani WaterGuard, kachitsekero kamodzi pa malita 20 a madzi oyera, kapena kulorini wa kwa alangizi a zaumoyo pa mlingo umene iwo akuuzani, mudikire mphindi 30. Tsukani mkati ndi sopo kamodzi pasabata, mutamasula kampopi, chifukwa kuseri kwa nati ndi kumene utsiro woterera umabisala.

Pafupi ndi chimbudzi, kumene kuli dzuwa ndi ziweto, mpondagiya wa kachigubu ka malita 5, mitengo ndi chingwe amaiposa ndowayi: umangoponda ndi phazi madzi n'kutuluka, sumugwira ndi dzanja, ndipo akaonongeka simudandaula ndalama. Ndowa malo ake ndi pakhonde, pafupi ndi podyera. Ikang'aluka pabowo musavutike kumata ndi pulasitiki wosungunula, sizigwira. Masulani kampopi musunge, muboole ndowa ina.