Khadi la yoga la chaka chonse, mmene zandiyendera

Mnzanga wa kuntchito wandifunsa kuti ayambe mtundu uti wa yoga, masewera olimbitsa thupi ochokera ku India, poti akudziwa kuti ndinagula khadi lija lolowera kalasi ina iliyonse kwa chaka chathunthu. Nditangoligula ndinalemba zoyamikira zokhazokha. Miyezi yapitapo ndithu, ndiye ndionjezere.

Hatha ndi yofatsa, woyamba kumene sangasochere. Yin, yomwe umakhala osasuntha mphindi zitatu mpaka zisanu, imandigonetsa tulo tabwino. Ya m'chipinda chotentha, yotsatira njira ya Bikram ya maimidwe 26 pa madigiri pafupifupi 40, thupi langa linaikana, mutu unkawawa tsiku lonse. Ashtanga ya Pattabhi Jois wa ku Mysore, ku India, imafuna munthu wosatopa ndi kubwereza ndondomeko imodzimodzi m'mawa uliwonse. Ine si ameneyo.

Vinyasa ndiyo ndinkaikonda, ndipo ndiyo inandipweteka. Mumasuntha motsatira mpweya, osaima, ndipo chaturanga, kuja kotsika pansi thupi lonse litalemera pa manja, imabwera kambirimbiri m'kalasi imodzi. Polumikizira dzanja ndi mkono panayamba kuwawa, mpaka kutsegula botolo kunkandivuta. Chipinda chimadzaza, mphunzitsi ali kutsogolo akuwerenga mapumidwe, wokuwongola palibe.

Ku Iyengar ndinalowa pofuna kungopumitsa manja. Njirayi ndi ya B.K.S. Iyengar wa ku Pune, ku India, yemwe anaphunzira kwa katswiri wa yoga Krishnamacharya monganso Jois, ndipo anamwalira mu 2014 ali ndi zaka 95. Imadziwika ndi zipangizo: malamba, mabuloko a matabwa, mabulangete, mipando, zingwe za pakhoma. Aphunzitsi athu, mayi achikulire osalankhulalankhula, anangondiyang'ana kamodzi n'kunena kuti, "Bambo, kulemera konse mukukusiya kumunsi kwa chikhatho. Tambasulani zala, kanikizani tsinde la chala cholozera." Anandiikira kathabwa kotsetsereka pansi pa manja. Ola lonse limatha tachita maimidwe ochepa chabe, koma miyendo ikunjenjemera. Kuwawa kuja kunapita pang'onopang'ono, ndipo ngakhale ku vinyasa ndinabwerera ndikudziwa poika manja. Apa ndinkati khadi labweza ndalama zake.

Kenako kalasiyo inachotsedwa. Tinkakhalamo ochepa, ndiye eni malo anaikapo ina ya m'chipinda chotentha, yomwe imadzaza. Uthenga sanatitumizire, tinangopeza ndandanda yasintha.

Ndinapita kukaonana ndi mkulu wa pamalopo. Anandilandira mwaulemu, koma yankho linali limodzi: "Pepani bambo, khadi lanu ndi la makalasi onse, si la kalasi imodzi." Anandionetsa pa mgwirizano pomwe palembedwa kuti ndandanda itha kusintha nthawi iliyonse. Zobweza ndalama za miyezi yotsala anakaniratu. Pomwepo ndi pamene anatchulanso kuti khadi limayambiranso lokha chaka chikatha, pokhapokha utalemba kalata kutatsala mwezi.

Ndiye kwa wofuna kuyamba, lipirani kalasi imodziimodzi kaye mpaka thupi likuuzeni yomwe likufuna. Funsaninso za mphunzitsi. Ambiri ali ndi satifiketi ya maola 200, pomwe wa Iyengar amaphunzira zaka zingapo asanaloledwe kuphunzitsa, ndipo kusiyanako kumaoneka tsiku lomwe penapake pakuwawa. Tsiku lomwe ndagona bwino chifukwa cha yin ndimati malowa si oipa. Ndikaona ndandanda mtima umabwereranso m'mwamba.

Mayi aja akuphunzitsa kwina tsopano, ndipo ndimawalipira kalasi iliyonse payokha. Zikundidyera zambiri, chifukwa khadi lija likadalipo ndipo ndimangolowera yin basi. Kalata yosiya khadilo ndinapereka. Eni malo anandiimbira foni kuti anditsitsire mtengo wa chaka chamawa, ndinakana, ndipo ndinapempha kuti anditsimikizire polemba kuti sadzadulanso ndalama. Mpaka lero sanalembe, choncho ndauza banki kuti isalole malipiro ena alionse opita kwa iwo.