Heathkit V-7A, mita yachikale ya mavalavu: mmene ndaionera kuno ku Thyolo

Amene mumakonza mafoni ndi masabuufa, mita iyi yoyezera mavolteji ndi ma ohm isakuvuteni mtima, kamita ka digito kanu kaja kakukwanirani. Koma ife okonda kutokosa mawailesi akale a mavalavu (timachubu tagalasi tokhala ngati mababu, tokuza siginolo), aja amapezeka m'nyumba zakale za kumaesiteti a tiyi, ine ndikuti ndi chida chabwino zedi bola mukhale munthu wodekha.

Ndinaigula kudzera kwa munthu wina wobwera ndi katundu kuchokera ku Joni, anati ikugwira bhobho, koma nditatsegula mkati batire la 1.5V lija loyezera ma ohm linali litawola kalekale mpaka kudya kachitsulo kolipanira, kapasita ya pa pawa nayo itauma. Sindikudandaula kwambiri, chinthu cha m'ma 1950 ichi, ndi chachikulu kuposa ine, koma ogulitsanu muzinena zoona aise. Kampani yake inali ya ku Benton Harbor ku Michigan, ndipo inkagulitsa zipangizo zokhazokha kuti munthu akalumikize yekha kunyumba, ndiye mita iliyonse ubwino wake umadaliranso dzanja la amene anaiwotcherera poyamba. Yangayi anagwira ndi munthu waukhondo, sodala yake ndi yosalala.

Chenjezo lalikulu ndi magetsi. Za ku America zimadya 110 mpaka 120V, ife kuno ndi 230V, mukangoibaya pakhoma mwaotcha thiransifoma basi. Pezani kaye sitepudauni, thiransifoma yotsitsa 230V kufika pa 110V, yaing'ono ikwana chifukwa mita yake sidya moto wambiri.

Mkati muli mavalavu awiri okha, 12AU7 ndi 6AL5, ndipo marenji ake oyezera amayambira pa 1.5V mpaka 1500V. Chimene anthu akale ankaikondera ndi choti pa DC ili ndi 11 megohm, kutanthauza kuti ukaigunditsa pa seketi siikoka moto woti nkusokoneza chimene ukuyezacho. Mamita wamba a singano aja a 20,000 ohm pa volti, ukayeza pa giridi, mwendo wa valavu wolowera siginolo, amakunamiza, volteji imagwa chifukwa cha mita yomweyo iwe nkumasintha resisita yabwinobwino. Wina anena kuti nanga digito si ili ndi 10 megohm, eya ndi zoona, pamenepo akufanana. Kusiyana kuli pa singano. Ukamachuna ma IF, timathiransifoma tosefa siginolo mkati mwa wailesi, kupotokola pang'onopang'ono kufuna pamene siginolo yakwera kwambiri, manambala a digito amangodumphadumpha mpaka mutu kuwawa, pomwe singano imakwera mwaulemu ukuiona, ikafika pamwamba nkuyamba kubwerera iwe wadziwa kuti apa ndi pomwepa. Pa ntchito imeneyi yokha ndalama yanga inabwerera.

Ndaiyesa pa rediyogiramu ya malume anga a ku Luchenza imene inangokhala ngati tebulo loikapo maluwa, pano ikulankhula. Chimene ndikulakalaka ndi kupeza Saucepan Special, kawailesi kabuluu ka Ever Ready ka 1949 kaja agogo athu ankamverera Lusaka, amene muli nako kumudzi musataye chonde.

Zovuta zake tsono. Imafuna itenthe kaye, ukayatsa singano imayendayenda ndiye umadikira mphindi zingapo nkukonza ziro, ukasintha renji nthawi zina ukonzenso. Magetsi akathima ndiye kuti ntchito yaima, akabwera uyambirenso kudikira, ndipo mukudziwa mmene zimakhalira kuno. Chinanso ndi chinyezi chathuchi, nthawi ya chiperoni mu June ndi July nkhungu ikatsika ku Bvumbwe kuno singano imachita misala pa renji zapamwamba za ma ohm, chifukwa fumbi lonyowa pa switchi limadutsitsa moto pang'ono. Ndinatsuka switchiyo ndi kontakiti kilina, ndipo pano ndimaisunga m'kabati ndi timapaketi touma tija timabwera m'mabokosi a nsapato, zinachepako ndithu.

Achinyamata amene mwazolowera za 5V ndi 12V samalani, mu wailesi ya mavalavu muli 250V kapena kuposa ndipo makapasita amasunga moto ngakhale mutazimitsa. Waya wa giraundi wa mita iyi ndi wolumikizidwa ku bokosi lake lachitsulo, mukaupanira pamalo a moto bokosi lonse limaluma. Dzanja limodzi m'thumba, ndipo osagwira ntchito pasimenti opanda nsapato.

Komanso dziwani kuti siiyeza valavu ngati ili moyo kapena yafa, imeneyo ndi ntchito ya tesita ina, monga za AVO kapena Hickok, zomwe mtengo wake ndi wina. Ndi iyi umangoyeza mavolteji pa miyendo ya valavu nkuganiza wekha.

Ndikuipatsa nyenyezi 4 pa 5. Mukaipeza funsani ngati pulobu yake yoyambirira, kandodo kogunditsa pa seketi poyeza, ilipo, chifukwa muli resisita ya 1 megohm mkati mwake, popanda imeneyo ma DC onse aziwerenga mokwera.