Mbale ya ku Delft ndi mbale ya ku Loosdrecht

Zonse ziwiri ndi zoyera, zonse ndi za ku Netherlands, koma si pachibale.

Ya ku Delft ndi dongo wamba lowotchedwa pa madigiri pafupifupi 1,000, lokutidwa ndi chophimba choyera chokhala ndi chitsulo cha tini kuti lifanane ndi mbale zomwe kampani ya zamalonda ya ku Netherlands yotchedwa VOC inkabweretsa kuchokera ku China. Nkhondo zitasokoneza malondawo cha m'ma 1640, amisiri a ku Delft anapezerapo msika, ndipo fakitale ya De Porceleyne Fles, yomwe inayamba mu 1653, ilipobe. Ankajambula maluwa ndi mbalame za buluu pachophimbacho chisanawotchedwe. Chinkamwa utoto nthawi yomweyo, moti dzanja likaphonya, kufufuta kunalibe. N'chifukwa chake ndimazikonda: mzere uliwonse umaonetsa kulimba mtima kwa mmisiri. Koma yang'anani m'mphepete mwa mbale yakale. Mupeza pobenthuka, dongo lachikasu likusuzumira.

Ya ku Loosdrecht ndi porcelain weniweni, wa dongo loyera la kaolin, wowotchedwa pamoto woposa madigiri 1,300. Mukaiyang'anitsa kudzuwa kuwala kumadutsa, mukaigogoda ndi chala imalira ngati belu. M'busa Joannes de Mol anatsegula fakitale ya ku Loosdrecht mu 1774 kuti osauka a mumpingo mwake apeze ntchito, fakitale ina ya porcelain ya m'tauni ya Weesp, yomwe inayamba mu 1759, itagwa kale. Ndalama zinamuthera, anamwalira mu 1782, ndipo mu 1784 ntchito inasamukira ku Ouder-Amstel.

Pomwera tiyi wotentha ndingasankhe kapu ya De Mol. Pakhoma ndingapachike ya ku Delft.