Nthenda ya Mudzi Imene Inandigwira ku Moatize

Abale anga a kwathu ku Ntcheu, ndikulemba kuchokera ku Moatize, m'chigawo cha Tete, kumene ndimayendetsa lole yonyamula katundu pakati pa kuno ndi doko la Beira. Nkhaniyi ambiri amaibisa chifukwa cha manyazi, ndipo inenso ndinaibisa kwa miyezi yambiri mpaka ululu unandilepheretsa kukhala pampando wa galimoto.

Poyamba ndinkaona magazi ofiira kwambiri pochita chimbudzi, kenako kunabwera kuyabwa ndi kachotupa kotulukira kunja. Ntchito yathu imaitana nthendayi, chifukwa timakhala pansi maola ambiri, timadya buledi ndi nsima ya ufa woyera yopanda masamba, ndiponso timamwa madzi ochepa poopa kuimaima panjira, pamene kutentha kwa kuno mu Okutobala kumapitirira madigiri 40. Mapeto ake ndi kudzimbidwa, ndipo munthu akamadzikakamiza pochita chimbudzi, mitsempha ya magazi ya kumalo otulukira chimbudzi imatupa. Kutupa kumeneku ndiko mudzi, umene azachipatala kuno amautchula kuti hemorroidas.

Mnzanga wina anandipatsa mankhwala a mizu ogulidwa pamsika, koma anangowonjezera kunyerenyetsa. Nditapita kuchipatala, dokotala anandifunsa za mtundu wa magaziwo, ngati ndikuwonda, komanso ngati ndimasamba mu mtsinje wa Zambezi, kenako anavala magolovesi n'kundipima ndi chala ndi kachipangizo kakafupi koonera mkati. Kupimaku kunatenga mphindi zochepa, ndipo ndiko ndikufuna mukumvetse bwino, pakuti magazi otere amathanso kuchokera ku kamwazi, likodzo la m'matumbo kapena khansa ya m'matumbo, ndipo munthu sangasiyanitse yekha ali kunyumba. Magazi akuda, kapena osakanikirana ndi chimbudzi, amafunika kufufuzidwa mozama.

Mudzi wanga unali usanakule kwambiri. Dokotala anandipatsa mafuta opaka ndi mankhwala ofewetsa chimbudzi, n'kundilangiza kukhala m'beseni la madzi ofunda kwa mphindi 15 kawiri kapena katatu pa tsiku. Anandifotokozera kuti mudzi wam'kati ukakana mankhwala amaumanga patsinde ndi kalabala, ndipo umafota n'kugwa wokha pakatha pafupifupi sabata, pamene waukulu kwambiri ndiwo umafuna opaleshoni.

Chimene chandithandiza kwenikweni ndi chakudya chomwe tinakulira: nsima ya mgaiwa, nyemba, nkhwani, bonongwe ndi mapapaya, kuwonjezera masau amene amachuluka kuno nyengo yake ikafika. M'lole simusowanso chigubu cha madzi, ndipo ndikaima pamalo opumira ndimatsika n'kuyenda pang'ono.

Ndikudziwa kuti kwathu ena amadula chotupacho ndi lumo kapena kuchiotcha. Chonde musalole zimenezo, makamaka kwa amayi oyembekezera ndi amene angochira kumene, omwe nthendayi imawagwira kawirikawiri, chifukwa pamalopo pamatuluka magazi ambiri ndipo chilonda chake chimalowa tizilombo mosavuta.